Masiku angati ku paki ya zosangalatsa ndi ana aang'ono? Kawerengedwe ka banja lochokera ku Tete

Banja likasonkha ndalama chaka chathunthu kuti lipite ndi ana ku Johannesburg kapena ku Durban kukaona mapaki a zosangalatsa, mtima umafuna kuti tsiku lililonse lithere mkati mwa paki. Maganizo amakhala akuti tachokera kutali, mametikali apita ambiri, ndiye tisataye ngakhale tsiku limodzi. Koma mwana wa zaka 3 mphamvu zikamuthera zamuthera, kaya tikiti inadula chotani. Choncho chiwerengero cha masiku chichokere kwa mwana wamng'ono kwambiri pagulu lanu: kutalika kwake, tulo take, ndi maola amene amayenda asanayambe kulira. Kwa banja la ana osakwana zaka 6, masiku awiri a m'paki amakwana, atatu ndiwo malire, ndipo masikuwo asatsatizane.

Malangizo amene mumawapeza pa intaneti onena za masiku 5 kapena 7 nthawi zambiri amakhala akukamba za Walt Disney World ku Orlando, m'dziko la America, kumene kuli mapaki akuluakulu anayi pamalo amodzi. Mapaki amene banja la ku Moatize, Ulongwe kapena Furancungo lingafikeko mosavuta ndi a ku South Africa, ndipo iliyonse payokha ndi ya tsiku limodzi kapena awiri basi.

Yambani ndi tepi ya telala

Musanafunse mtengo wa tikiti, muyezeni mwana. Aime mowongoka atatsamira khoma, atavala nsapato zimene adzavale kupakiko, muike buku pamutu pake, mulembe chizindikiro ndi pensulo, kenako muyeze kuchokera pansi. Pakhomo la chokwera chilichonse pamakhala ndodo kapena chikwangwani choyezera, ndipo woyang'anira sayang'ana zaka za pa pasipoti. Amayang'ana ngati mutu wafika pamzere. Lamba ndi chitsulo chotsekera pachifuwa zinapangidwira thupi la msinkhu wakutiwakuti, mwana wamfupi akhoza kupulumuka pansi pake sitima ikamatembenuka. Kuchonderera kuti "angotsala pang'ono" sikuthandiza, ndipo n'kwabwino kuti sikuthandiza.

Ku Gold Reef City, paki imene inamangidwa pa mgodi wakale wa golide kummwera kwa Johannesburg, muyezo umene umalekanitsa ana ndi mita 1.3. Zokwera zoopsa monga Anaconda, Golden Loop ndi Tower of Terror, imene imagwetsera anthu m'dzenje la mgodi, ndi za amene afika msinkhu umenewo. Mwana wa zaka 4 amakhala pafupifupi mita imodzi, ndipo ana ambiri amafika 1.3 ali ndi zaka 8 kapena 9, ena mochedwerapo. Ngati ana anu onse ali pansi pa muyezowo, gawo lalikulu la paki lili lotsekeka kwa iwo. Zotsala, monga akavalo ozungulira, tisitima tating'ono ndi tigalimoto togundana, mukhoza kuzimaliza tsiku limodzi, nthawi n'kutsalanso yobwereza chimene mwana wakonda. Tsiku lachiwiri pa paki yomweyo limayamba kukhala ndi phindu pokhapokha pali mwana wamkulu amene wadutsa muyezo.

Mwana akakhala pa 1.26 kapena 1.28, ganizirani zodikira miyezi ingapo kapena chaka. Ulendo womwewo, ndalama zomwezo, koma adzapeza zokwera zochuluka kwambiri. Ngati simungadikire, muuzeni kunyumba kuti sitima zikuluzikulu sakakwera. Kukamva zimenezi pakhomo, mkulu wake akulowa, kumaononga tsiku lonse.

Tsiku la mwana ndi lalifupi kuposa la paki

Paki imatsegula m'mawa cha m'ma 9 kapena 10 koloko n'kutseka madzulo cha m'ma 5. Pa pepala amenewo ndi maola 7 kapena 8, koma mwana wosakwana zaka 4 amakhala ndi maola 3 kapena 4 abwino, wa zaka 4 mpaka 6 amafika maola 5, ndipo wa zaka 7 kupita m'tsogolo ndi amene angakhale tsiku lonse ngati wadya bwino ndi kupumula masana. Chifukwa chake ndi tulo. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafuna maola 11 mpaka 14 a tulo pa tsiku, wa zaka 3 mpaka 5 amafuna 10 mpaka 13, kuphatikizapo tulo ta masana. Paulendo ana amagona mochedwa, pabedi lachilendo, m'nyumba ya phokoso, ndiye amafika pageti la paki ali kale ndi ngongole ya tulo.

M'maola ochepawo chotsanimo zinthu zimene sizili pa mapu. Kudya kwa masana pamodzi ndi mzere wogulira kumatenga ola lathunthu. Kuchimbudzi ndi mwana wamng'ono mumapitako katatu kapena kanayi, ulendo uliwonse mphindi 10 kapena 15 chifukwa chimbudzi sichikhala pomwe mwaima. Chokwera chimodzi chimatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu, koma mzere wake pa tchuthi ungakudyereni theka la ola kapena kupitirira. Ndiye kuti tsiku lopanda anthu ambiri banja lingakwere zinthu 8 kapena 10, pomwe tsiku lodzaza mungalekere pa 5 kapena 6.

Kawerengedwe kake n'kotere. Tsegulani mapu a paki pa foni, lembani zokwera ndi zionetsero zimene mwana wanu akuloledwa, osati zonse zimene zilimo. Mwa zimenezo chotsani za mdima ndi za phokoso lalikulu ngati mwanayo ndi wamantha. Zotsalazo zigaweni ndi 8 ngati mukupita nthawi yopanda anthu ambiri, kapena ndi 6 ngati ndi pa tchuthi. Zikatsala 9, limenelo ndi tsiku limodzi, chachisanu n'chinayicho chisiyeni. Zikatsala 15 pa Disembala, amenewo ndi masiku awiri, zitatu zotsalazo zisiyeni. Ana aang'ono sasamala zomaliza mndandanda. Amafuna kukwera kavalo yemweyo katatu, ndipo muwalole, chifukwa chimene mwadzera ndi chisangalalo chawo.

Ulendo wochokera kuno umadya masiku ake

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa mawerengedwe. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Joni pamsewu ndi makilomita pafupifupi 1,500: kudutsa Changara, chipata cha Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, Masvingo, chipata cha Beitbridge, Musina, Polokwane, mpaka siteshoni ya mabasi ya Park Station. Basi imatenga kuposa tsiku limodzi ndi usiku wake, ndipo pa Disembala mzere wa pa Beitbridge umawonjezera maola ambiri. Wochokera ku Ulongwe kapena Tsangano ali ndi chapa choyamba chotsikira ku Mussacama ndi Moatize asanaione n'komwe basiyo. Mwana amene wakhala pamiyendo ya mayi ake ulendo wonsewo, akudya mabisiketi ndi kumwa zotsekemera, samayenera kulowa m'paki m'mawa wotsatira. Miyendo ya akuluakulu imakhala yotupa, m'mimba mwa mwana mwasokonekera, ndipo aliyense sachedwa kupsa mtima. Mupatseni tsiku lathunthu lopuma: asambe, agone, adye nsima kapena mpunga monga kunyumba.

Wokwera ndege pa bwalo la Chingozi ku Tete amafika ku bwalo la OR Tambo ku Johannesburg m'maola pafupifupi awiri ngati ndegeyo ndi yolunjika, ndiye tsiku lofika lomwelo limakwana kupumula, mawa lake n'kulowa m'paki. Yodzera ku Maputo imatenga tsiku lonse chifukwa chodikira yachiwiri.

Tiyerekeze banja la ku Angónia: bambo, mayi, mwana wa zaka 3 ndi wina wa zaka 8, akuyenda pa basi. Masiku awiri oyamba apita ndi msewu. Tsiku lachitatu ndi lopuma kwa abale kapena kumalo ogona. Tsiku lachinayi ndi Gold Reef City. Tsiku lachisanu ndi lopepuka, mwina kugula zovala za sukulu m'mawa, masana kugona. Lachisanu n'chimodzi ndi paki yachiwiri kapena malo osungira nyama. Lachisanu n'chiwiri lisiyeni lopanda kanthu, ndi loti ligwire ntchito ngati mvula, malungo kapena kutseka kwa paki kwasokoneza limodzi mwa masiku aja. Kenako masiku awiri obwerera, ndi limodzi lopumira kunyumba ana asanabwerere kusukulu. Onse pamodzi ndi masiku 10, a m'paki ndi awiri okha. Wina aona ngati ndi kutaya, koma masiku awiri amenewo ana adzakhala akuseka, pomwe banja lopanikiza masiku anayi otsatizana limathera lachitatu likunyamula mwana wolira pa mzere. Pa ndege ndondomeko yomweyi imakwana masiku 6.

Mzika za Mozambique zimalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, choncho masiku ololedwa si vuto. Vuto limakhala mapepala a ana. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake yochokera ku SENAMI, ofesi ya boma yoona za mapasipoti, nyamulaninso certidão yake yakubadwa, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi kapena azakhali, pakhale kalata ya chilolezo ya kholo lotsalalo yodindidwa kwa notário. Pepala limodzi likasowa pachipata, tsiku limene munasungira paki lathera pomwepo.

Tsiku lopuma pakati

Lamulo losavuta ndi lakuti tsiku la paki lizitsatiridwa ndi tsiku lopepuka. Kutopa kwa mwana sikuonekera madzulo a tsiku loyamba, nthawi imeneyo amakhala akadali ndi chimwemwe. Kumaonekera m'mawa wachiwiri cha m'ma 11, pamene amakana chakudya chimene amachikonda, kufuna kuberekedwa ngakhale amatha kuyenda, kulirira zinthu zosamveka, kapena kumenya mchimwene wake pamzere. Mukaona zimenezi tulukani, ngakhale tikiti ndi ya tsiku lonse. Kumugulira ayisikilimu kumangogula mphindi 20.

Tsiku lopepuka si lokhala m'chipinda ayi. Johannesburg Zoo ku Parkview ili ndi mithunzi ndi kapinga pomwe mwana angagone pa kapulana, ngakhale ndi yaikulu ndithu, mahekitala oposa 50, ndiye musayese kuizungulira yonse. Sci-Bono ku Newtown ndi malo a sayansi a ana okhala m'nyumba, abwino tsiku la mvula kwa wa zaka 5 kupita m'tsogolo. Maola awiri kapena atatu kumeneko, kenako kubwerera kukagona.

Paki iliyonse ndi masiku ake

Gold Reef City tanena kale: tsiku limodzi, awiri ngati pali mwana wopitirira 1.3 ndipo ndi nthawi ya tchuthi. Kunja kwa tchuthi cha sukulu pakiyi sitsegula sabata yonse, imatseka masiku oyambirira a sabata, choncho onani kalendala yake musanagule tikiti ya basi. Banja lofika Lamlungu usiku likhoza kudikira masiku angapo geti lili lotseka.

Valley of Waves, paki ya madzi ya ku Sun City, pafupi ndi nkhalango ya Pilanesberg, ili pa mtunda wa maola awiri ndi theka pagalimoto kuchokera ku Johannesburg. Kupita ndi kubwera tsiku lomwelo ndi maola 5 a pamsewu, zimene kwa mwana wa zaka 3 ndi tsiku lathunthu palokha. Kapena mugone kufupi usiku umodzi, kapena muisiye. Madzi amatopetsa mwana msanga kuposa zokwera, maola atatu kapena anayi amakwana. Dziwe lake lalikulu limapanga mafunde otalika pafupifupi mamita 2, ndipo ana athu ambiri a kumapiri a Angónia ndi Macanga sadziwa kusambira, makolo awonso chimodzimodzi. Mwana akhale kumadzi osaya, atavala jekete yoyandamitsa, munthu wamkulu ali pafupi moti n'kumugwira ndi dzanja. Mwana akamamira sakuwa, amangozimirira mwakachetechete, ndiye woyang'anira asakhale pa foni. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi madzi sakoma, ndipo ndi nyengo imene mapaki a madzi amakonda kutseka kuti akonze zinthu.

uShaka Marine World ku Durban, imene inatsegulidwa mu 2004, ndiyo paki imene masiku awiri amamveka bwino ngakhale kwa ana aang'ono, chifukwa ili ndi magawo osiyana. Ku Sea World kuli nsomba za m'nyanja m'nyumba yomangidwa ngati sitima yapamadzi yosweka, ndi zionetsero za ma dolphin zokhala ndi nthawi yake yoikika. Ku Wet 'n Wild ndi kwa madzi ndi zotsetsereka. Alipo matikiti ophatikiza magawo awiriwa tsiku limodzi, koma ndi mwana wosakwana zaka 5 mudzalipira ziwiri n'kudya chimodzi ndi theka. Gawani: tsiku lina nsomba, lina madzi. Kumbukiraninso kuti Durban ili makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Johannesburg, maola 6 kapena 7 pamsewu wa N3, ndiye kuphatikiza mizinda iwiriyi kumawonjezera masiku awiri a ulendo. Ndi ana aang'ono sankhani mzinda umodzi, winawo udzakhala wa chaka china.

Nyengo ndi khamu la anthu

Tchuthi chathu chachikulu cha Disembala ndi Januwale chimagwera pamodzi ndi cha ku South Africa, ndipo kuyambira pa 16 Disembala, limene ndi tsiku la tchuthi kumeneko, mpaka kumayambiriro a Januwale mapaki amadzaza zedi. Ngati ana sanayambe sukulu, pitani nthawi imene ana a kumeneko ali m'kalasi, pakati pa sabata, ndipo zimene zikanafuna masiku awiri mudzazimaliza tsiku limodzi. Ngati muli omangika ndi Disembala, sabata yoyamba ya mweziwo ndi yopepukirapo, kapena dikirani pakati pa Januwale sukulu za kumeneko zitatsegula zathu zisanayambe.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, Johannesburg imagwa mvula ya mabingu masana, ndipo ziphaliwali zikayamba zokwera zazitali ndi maiwe amaimitsidwa. Fikani pageti lisanatsegulidwe, yambani ndi chimene ana akuchifuna kwambiri, kuti mitambo ikamadzaza cha m'ma 2 kapena 3 koloko mukhale mutathana nazo. Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,700, ndiye mphepo imamveka yozizirira koma dzuwa limawotcha khungu. Wochokera ku kutentha kwa mumzinda wa Tete amanyengeka n'kuiwala chipewa ndi madzi. Mafuta oteteza ku dzuwa pakani maola awiri aliwonse, ndiponso mwana akatuluka m'madzi. Mpatseni madzi asanapemphe, ndipo mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu, zimene a ku Tsangano amazidziwa koma a ku Moatize ayi. Nyamulani majuzi enieni.

Manja a akuluakulu

Chiwerengero cha anthu aakulu chimasintha masiku. Bambo ndi mayi okhala ndi ana awiri a misinkhu yosiyana amagawikana, wina ndi wamkulu ku sitima zoopsa, wina ndi wamng'ono ku akavalo, n'kukumana pa nthawi ya chakudya pamalo amene agwirizana. Motero tsiku limodzi limakwana. Kholo limodzi lokhala ndi ana awiri otere silingasiye wamng'ono yekha pakhomo, ndiye wamkulu amangoonerera, ndipo kuwonjezera tsiku sikuthetsa vutolo. Chimene chimathetsa ndi munthu wachitatu: agogo, azakhali, kapena m'bale wokhala ku Joni komweko. Mapaki ena ali ndi tikiti yotsikirapo mtengo ya munthu wosakwera, ndipo ana ochepera zaka 3 kawirikawiri salipira, choncho funsani pogula. Mayi woyembekezera, ndi aliyense wa vuto la mtima, msana kapena kuthamanga kwa magazi, saloledwa pa zokwera zoopsa, ndiye musamuwerengere ngati woperekeza mwana wamkulu.

Kapulana ndi yabwino kuberekera, koma mwana wa makilogalamu 13 kapena 14 kumsana kwa maola asanu pa simenti yotentha amathyola mayi tsiku loyamba lomwelo. Bwerekani kangolo kokankhira mwana kwa abale. Mwana amagonamo masana pamthunzi, ndipo tulo ta ola limodzi timeneto tikhoza kukupatsani maola ena awiri a m'paki.

Zimene zimadya tsiku mosayembekezera

Gulani tikiti ya tsiku loyamba lokha. Yachiwiri mudzagule mutaona mmene ana adzukira, pokhapokha ngati ndi masiku a Khirisimasi pamene matikiti amatha. Ya pa intaneti nthawi zambiri imakhala ya tsiku lenileni, ndiye werengani ngati imalola kusintha mwana akadwala. Malo ena salandiranso ndalama za pamanja, ndipo M-Pesa ndi e-Mola za kuno sizilipira pageti la kumeneko. Musananyamuke pitani kubanki mukatsegulitse khadi kuti lizigwira kunja, ndipo mukhale ndi lachiwiri. Chakudya cha kunyumba mapaki ambiri salola kulowa nacho, kupatula mkaka ndi phala la khanda, ndiye pa mtengo wa tsiku lililonse onjezerani chakudya cha banja lonse m'marandi. Mwana wozolowera nsima amene amakana chipisi ndi soseji mudyetseni mokwanira m'mawa musanatuluke.

Mwana wolankhula Chichewa ndi Chipwitikizi chokha akasochera sangafotokoze kanthu kwa ogwira ntchito olankhula Chingerezi, Chizulu kapena Chisutu. Mulembeni nambala ya foni pamkono ndi cholembera chosafufutika, ndipo ikhale nambala imene ikulira kumeneko. Simu ya kuno yopanda roaming siilira, ya ku South Africa imafuna kulembetsedwa ndi pasipoti, choncho chitani zimenezi pa tsiku lopuma lija. Mjambuleni m'mawa uliwonse atavala zovala za tsikulo, ndipo mukangolowa musonyezeni yunifolomu ya ogwira ntchito kuti adziwe wothamangira kwa iye.

Malungo amayenda nafe. Udzudzu umene unaluma mwana ku Moatize sabata yapitayo ukhoza kumugwetsa ali ku Johannesburg, kumene malungo kulibe ndipo wachipatala angaganize kuti ndi chimfine. Thupi likatentha musapite ku paki ndi panado m'thumba kuti tikiti isapite pachabe. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, nenani momveka kuti mwachokera ku Tete ku Mozambique, ndipo pemphani kuti amuyeze magazi. Nyamulaninso mapaketi a mchere ndi shuga a kuchipatala othandiza akatsegula m'mimba, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino, mwana azimwa pang'onopang'ono. Mwana amene wasanza kapena kutsegula m'mimba asalowe m'dziwe la anthu ambiri ngakhale akuoneka kuti wachira, ndipo zokwera zozungulira zidikire mpaka atadya bwino tsiku lathunthu osabweza.